A Phiri Ake Ati?

Amene anawolokapo pa Chanida kupita ku Cassacatiza anaiona mbendera ya Mozambique: buku lotsegula, pamwamba pake khasu ndi mfuti zitapingasana. Ife a ku Katete ndi ku Vubwi mfuti imeneyo sitinaidziwire pansalu pokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zikamalowa m'midzi ya m'malire usiku, anthu ankagona kutchire pothawa kulira kwake. Ndi AK-47, ndipo K ameneyo ndi Kalashnikov, Mikhail Kalashnikov, mwana wa alimi amene anabadwa mu 1919 n'kumwalira mu 2013. Dzina loopsali linayambira kwa munthu wa ufa m'manja. Ku Russia kuli buledi wina wotchedwa kalach, ndipo Kalashnikov ndi mwana kapena mdzukulu wa munthu amene ankaphika ndi kugulitsa buledi ameneyo.

Anzake awiri otchuka pa ntchito yomweyo yopanga mfuti nawonso ananyamula mayina a ntchito zina. Tokarev ndi wa kubanja la wopala zitsulo ndi mitengo pa makina ozungulira, pomwe Degtyaryov ndi wa kubanja la wotcheza phula la makungwa, lija ankapaka m'mawilo a ngolo. Mayina otere ku Russia ali mbwee. Amatenga ntchito ya kholo n'kuikapo -ov kapena -ev kumapeto, kutanthauza kuti wa uje, ndipo mkazi amawonjezerapo -a, monga ife timasiyanitsira Phiri ndi Naphiri, Mbewe ndi Nambewe. Kuznetsov ndi wa wosula zitsulo, ndipo lili pakati pa mayina ofala kwambiri m'dzikomo pamodzi ndi Ivanov ndi Smirnov. Svetlana Kuznetsova anapambana mpikisano wa tenesi wa US Open mu 2004 ndi wa French Open mu 2009. Nikolai Kuznetsov ankalamulira asilikali a pamadzi a Soviet Union pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Goncharov ndi wa woumba mbiya, ngakhale Ivan Goncharov, mlembi wa buku la Oblomov lotuluka mu 1859, anali mwana wa wamalonda wolemera wosadziwa fungo la mtapo. Melnikov ndi wa mwini chigayo, Plotnikov wa kalipentala, Rybakov wa msodzi, Zvonarev wa woimba belu la tchalitchi. Popov ndi wa wansembe, poti ansembe a tchalitchi cha Orthodox amakwatira, ndipo Alexander Popov amene anaonetsa chipangizo cholandirira mafunde a wailesi mu 1895 analidi mwana wa wansembe. Alexander Popov winayo, wosambira uja anatenga mendulo zagolide ku Olympics mu 1992 ndi 1996, anangofanana naye dzina.

Si a Russia okha. Madala athu amene anakagwira ntchito m'mafamu a fodya ku Southern Rhodesia ankamutchula Ian Smith mokukuta mano, osadziwa kuti dzinalo ndi la wosula, ngakhale bambo ake ku Selukwe ankagulitsa nyama. Nawo mayi Thatcher, aja anavina ndi a Kaunda ku Lusaka mu 1979, anakwatiwa kubanja la ofolera nyumba ndi udzu.

Ine ndinapumira pa uphunzitsi, ndipo zaka zanga zambiri zinathera m'masukulu a pulayimale a kwa Kawaza ndi kwa Nyanje, Sinda isanakhale boma palokha mu 2012. Amene anaitanapo rejisitala m'mawa kuno kwathu akuidziwa nyimbo yake. Umayamba ndi a Banda n'kutsika nawo mpaka theka la tsamba. Ukadutsa Daka, Lungu, Mbewe, Miti, Mwale ndi Mwanza, umagwera mwa a Phiri, ndipo mmenemo umasambiramo mpaka kutembenuza tsamba. Kenako Sakala, Tembo, Zulu, basi kalasi yatha. Chaka china m'kalasi mwanga munali atsikana atatu a dzina loyamba limodzi, onsewo a Phiri. Sukulu inawapatsa zilembo, A, B ndi C, ngati magiredi a fodya kumsika. Mmodzi wa iwo analembedwa kuofesi kuti wasiya sukulu, pomwe wosiyayo anali mnzake amene anakakwatiwa. Mayi ake a wolembedwa molakwayo anayenda wapansi kupita ku Boma ndi kubwerera, mvula ili pamutu, kuti akatsimikize kuti mwana wawo akadali pabenchi.

Zoterezi zili paliponse. Pakhonde la chipatala namwino akaitana dzina, anthu awiri amadzuka limodzi, ndipo wina amatha kulandira khadi la mnzake. Pa mndandanda wa feteleza wa kopaletivi ya kwathu, mkulu wina anauzidwa kuti anatenga kale matumba ake, pomwe anatenga ndi mnzake wa dzina lomwelo wa kutsidya kwa mtsinje. Wotumiza ndalama pafoni akaona dzina likutuluka pagalasi amakhulupirira kuti ndi m'bale wake, osadziwa kuti walakwitsa nambala imodzi n'kugwera kwa Banda wina. Wailesi ikalengeza maliro madzulo, mitima imadumpha m'midzi isanu. N'chifukwa chake funso limene timafunsana kwambiri kuno kum'mawa, kuposa ngakhale la mtengo wa chimanga, ndi lakuti: a Phiri ake ati?

Achinyamata ena ophunzira akamva za mayina a ku Russia ndi ku Ulaya amati athuwa ndi osauka, sanena kanthu za munthu. Ena afika potaya chiwongo n'kulembetsa dzina lachingelezi la bambo awo m'malo mwake, kuti amveke achilendo akamafunsira ntchito ku Lusaka. Sindigwirizana nawo. Chiwongo, kapena kuti mfunda, chilibe mlandu. Tinachisenzetsa katundu amene si wake.

Tichotse kaye bodza lakuti tilibe mayina a ntchito chifukwa makolo athu analibe luso. Mpwitikizi Antonio Gamitto, amene anadutsa dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 pochoka ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za anthu athu akuyenga chitsulo ndi kusula makasu, ndipo makasu a Amaravi ankagulidwa mpaka m'midzi ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi. Agogo anga obala amayi anali osula. Ng'anjo anazipeza zitazima kale, choncho iwo ankasula masipuling'i a magalimoto akufa ndi zidutswa za mapulawo, pachipala cha pansi pa mtengo wa msekese, ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi umene ife adzukulu tinkalimbirana kuvukuta. Ankadziwa ndi maso kuti chitsulo chapsa mokwanira, ndipo nkhwangwa yawo ukaigogoda ndi chala inkalira mosiyana ndi za kusitolo. Anthu ankachokera mpaka kwa Mbang'ombe kudzasulitsa nkhwangwa, kasemasema ndi mipeni, n'kulipira nkhuku kapena lichero la mtedza. Akanabadwira ku Russia, bwenzi ena a ife tili a Kuznetsov. Koma anali a Mwale monga a Mwale ena onse, ndipo dzina limene ankaitanidwa nalo pachipalapo silili pa pepala la mdzukulu wawo aliyense.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Kuno kunalibe munthu wodya za nyundo zokha. Wosula ankalima, mlenje ankalima, woluka malichero ankalima. Luso linali la m'chilimwe, mvula ikagwa aliyense kumunda. Ku Russia nako ambiri anali alimi, koma wosula wa m'mudzi ankasiyira chipala mwana wake wamwamuna pamalo omwewo, mwanayo n'kusiyira wake, mpaka nyumba yonse n'kudziwika nacho. Wosula wachichewa anali mkamwini. Ankasula pamudzi wa mkazi wake, ana amene wabala ali a mbumba ya mlamu wake, ndipo akamwalira nyundo inkatha kubwerera kwawo kwa mwana wa mlongo wake. Dzina la ntchito likanagwira pati? Oumba mbiya ndi mitsuko nawo anali amayi, ndipo mayi ankadziwika ndi chiwongo chake, apo ayi ndi dzina la mwana wake woyamba, make uje.

Chiwongo chinabadwira kuyankha mafunso ena: ndiwe wa kwa yani, mlongo wakoyu ndingamukwatire kapena ndi mlongo wanganso, ukafera paulendo akuike ndani. Pitani ku Mkaika Loweruka lomaliza la mwezi wa Ogasiti, pamene mafumu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amadzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Mbewe wa ku Kasungu akakumana ndi Mbewe wa ku Chifunde kapena wa kwa Pembamoyo ku Vubwi, amagwirana chanza osafuna kusiyana, amafunsana midzi ndi zaka, wina n'kukhala mkulu wake wa mnzake, wina malume, ndipo madzulo akudyera mbale imodzi. A Kuznetsov awiri akakumana m'sitima ya ku Moscow alibe chowagwirizanitsa, poti makolo awo ankangogwira ntchito yofanana m'midzi yotalikirana. Pamenepa ndi ife amene tili olemera. Ambiri amene anayenda wapansi kupita ku Harare ndi ku Joni anapeza pogona ndi nsima kwa anthu osawadziwa chifukwa chongotchula chiwongo pakhomo.

N'chifukwa chake Banda aliyense anamva kukoma Barbra Banda atagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Ankati ndi mwana wathu, ngakhale mudzi wake sakuudziwa. A Phiri amanyadira ankhonya Esther Phiri ndi Catherine Phiri, amanyadiranso Ray Phiri wa gulu la Stimela ku South Africa, amene bambo ake anachokera ku Malawi. A Mwale samuiwala Lottie Mwale. Mayiko awiri oyandikana a Zambia ndi Malawi alamulidwapo ndi a Banda atatu, Kamuzu, Rupiah ndi Joyce, osakhala a nyumba imodzi, ndipo mayi Joyce dzinalo analipeza kuukwati, kwawo ndi a Mtila. Koma mukamufunsa Banda wa pamsika wa Sinda, adzakuuzani mosaphethira kuti fuko lawo ndi la mapulezidenti.

Ntchito m'mayina athu ilimo ndithu, kungoti ndi ya fuko lonse. Ufumu wa Kalonga ndi wa a Phiri, ndipo umadutsa m'mimba ya Nyangu. A Banda ndiwo ankapereka Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ndiponso ndiwo anali eni mvula ku kachisi wa ku Msinja kwa Makewana. Kumeneko kunali maudindo okhala ndi mayina awoawo, monga Kamundi wa fuko la a Mbewe, ndi Tsang'oma wosunga ndi kuimba ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri. Tsang'oma ndi Zvonarev uja ntchito yawo inali imodzi, wina ng'oma wina belu, onse oitanira anthu kokapembedza.

Tsono kunabwera kalaliki ndi buku lake la msonkho. Apa nkhani yathu ndi ya ku Russia zimafanana poyambira n'kusiyana pothera. Kufikira mu 1861, alimi mamiliyoni ambiri kumeneko anali pansi pa eni minda, osaloledwa kuchoka, ndipo ambiri a iwo analibe dzina la banja lolembedwa. Atamasulidwa, komanso boma la Soviet litayambitsa ziphaso za m'dziko mu 1932, alembi ankafuna cholemba, ndipo ankalemba chimene mudzi unkamudziwa nacho munthuyo: wa kwa wosula, wa kuchigayo, wa kwa Ivan. Kalaliki wa ku Fort Jameson, m'busa wa ku mishoni ya Nyanje imene inatsegulidwa mu 1905, ndi wansembe wa ku Chassa nawonso ankafuna cholemba pamzere wachiwiri wa buku lawo. Munthu wamkulu akafunsidwa ankayankha ndi chiwongo, poti ndiwo ulemu wathu, dzina lenileni la munthu wa ndevu silinkatchulidwa wamba. Kalaliki analemba Phiri. Wotsatira anati Phiri, kalaliki analembanso. Chitupa chinanyamula zimenezo, ndipo reji ya pambuyo pa ufulu inadzangotsimikiza.

Chiwongo chimene chinalowa m'mabukuwo ndi cha bambo. Achewa akale ankatsata cha mayi, monga mmene ufumu ndi minda zimayenderabe m'midzi yambiri. Mwambo wotenga cha bambo unazika mizu Angoni atabwera, aja anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835 n'kudzakhazikika kuno pansi pa Mpezeni, ndipo mishoni ndi Boma anaukhomerera. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kuno m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza kusinthaku kutachitika kale. Kamuzu, Mchewa wa ku Kasungu, anatenga Banda wa bambo ake pomwe amayi ake anali Naphiri. Ngakhale Kalonga amene ali pampando lero, mpandowo ndi wa a Phiri ndipo anaupeza kudzera kuchikazi, koma pa mapepala a sukulu ndi a ntchito anali a Daka. Choncho dzina la pa reji silikuuzani nyumba imene munthu anakulira, silikuuzaninso mbumba imene ingamupatse munda kapena ufumu. Limangokuuzani kuti bambo ake anali mmodzi mwa khamu.

Chimene ndimawasirira a Russia si Kuznetsov kapena Melnikov. Ndi dzina lawo lapakati. Munthu wa kumeneko ali ndi mayina atatu, ndipo lapakatilo limachokera ku dzina la bambo ake. Kalashnikov anali Mikhail Timofeyevich, mwana wa Timofey. Putin ndi Vladimir Vladimirovich. Wa tenesi uja ndi Svetlana Aleksandrovna Kuznetsova, mwana wa Aleksandr. Dzinali limalembedwa pachiphaso, ndipo ndilo la ulemu. Mwana wasukulu amaitana mphunzitsi wake ndi dzina loyamba ndi lapakati, la banja osalitchula n'komwe, ndipo kumidzi nkhalamba amangoitchula ndi lapakati lokha, Petrovich, Ivanovna. A Kuznetsov angachuluke bwanji, Ivan Petrovich sasokonezeka ndi Ivan Sergeyevich.

Nzeru imeneyi sitikufunika kukaitenga ku Moscow, ili pakhomo. Rupiah Bwezani Banda, amene anabadwira ku Gwanda mu 1937 makolo ake atapita kukafuna ntchito, ananyamula Bwezani, dzina la bambo ake, mpaka kukalowa nalo ku State House mu 2008. Abale athu a ku Malawi anapita nayo patsogolo, poti kwa iwo dzina la kholo limakhala la nyumba yonse, lomapatsirana. Kunali a Chakuamba Phiri. Kuli a Henry Chimunthu Banda amene anali sipikala wa nyumba ya malamulo, a Richard Chimwendo Banda, a Simplex Chithyola Banda. Ukati a Chimunthu Banda palibe amene amafunsa kuti ake ati. Chiwongo chimatsalira kumapeto kugwira ntchito yake yakale yopezera abale, ntchito yosiyanitsa n'kupita kwa dzina la kholo.

Pempho langa kwa makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi ndi laling'ono, silifuna lamulo latsopano kapena ndalama. Mwana akabadwa, pakhadi la sikelo lembetsani mayina atatu: lake, la kholo limene nyumba yanu imadziwika nalo, ndi chiwongo. Ana onse a m'nyumbamo atenge lapakati limodzimodzilo, ndipo adzalipereke kwa ana awo. Ine ndikanakonda likhale la kuchikazi, la agogo obala mayi kapena la mwini mbumba, kuti mbali imene chiwongo cha bambo chinaiphimba ionekenso poyera. Ndikudziwa kuti pamenepa abambo ena andiyang'ana ndi diso lofiira. Mabanja akambirane okha. Chachikulu n'chakuti pakatipo pasakhale pabwalo, komanso pasaikidwe dzina lachiwiri lachingelezi longokometsera, Precious pamwamba pa Memory, limene silitiuza kanthu za kwawo kwa mwanayo.

Dzinalo likakhala la ntchito, musachite nalo manyazi. Pa Katete Stores ndi pamsika wa Sinda mayina a ntchito alipo kale, timawaitana tsiku ndi tsiku: a Telala, a Shumeka, a Kalipentala, a Makanika, a Butchala, amayi a Zitumbuwa. M'midzi muli makomo odziwika kuti kwa Kapitawo, kwa Mesenjala, kwa Sajeni, kwa Kopolo, chifukwa kholo linayang'anirapo anzake pafamu ya fodya, kapena linavala yunifolomu ya Boma, kapena linakamenya nkhondo ya azungu ku Burma. Mlendo akafunsa njira ya kwa a Banda amazunguzika tsiku lonse, koma akati kwa Sajeni, mwana wamng'ono amamulondolera. Kuznetsov anayamba chomwechi. Athuwa amangofa ndi eni ake chifukwa palibe amawalemba. Mwana wa a Shumeka akadzakhala dokotala ku St Francis, chingalakwike n'chiyani atalembedwa Shumeka pakati pa dzina lake ndi Phiri? Odwala angadziwe kuti fizi yake inachokera m'nsapato zong'ambika za anthu a pa Stores, ndipo mwina mwini wakeyo angamakumbukire zimenezo akaona nkhalamba yopanda nsapato pamzere. Timalankhula kwambiri zoti achinyamata aphunzire ntchito zamanja, koma mwana wa mmisiri akangopita patsogolo, choyamba kubisa ndi ntchito ya bambo ake.

Pali mayina ena amene sindingakakamize munthu kuwasunga. Azungu a m'migodi ndi m'makhitchini, pochita ulesi kutchula mayina athu, ankapatsa antchito awo mayina monga Supuni, Foloko, Fosholo ndi Sikisipensi. Mabanja ena anawasunga ndipo lero amawanyadira, poti amakumbutsa ulendo wa kholo lawo. Ena amawaona ngati chipongwe. Onsewo ali ndi ufulu. Kholo lililonse linali ndi mayina angapo, la ubwana, la kudambwe kapena kuchinamwali limene silitchulidwa pagulu, la kutchalitchi, ndi la pamudzi. Sankhani limene mungalitchule mutaimirira.

Wina anena kuti zonsezi ndi zachikale, poti reji ili ndi nambala, ndipo boma layamba kutenga zidindo za zala ndi nkhope pa makompyuta. Zoona, kwa kompyuta nambala ndi yokwanira. Koma reji imabwera munthu akafika zaka 16, ndipo zaka zonse za sikelo ndi za pulayimale mwana amayenda ndi dzina lokha. Namwino akatuluka pakhonde saitana nambala. Mlembi wa mpingo, wa kopaletivi, wa banki ya m'mudzi ya amayi, onsewa amalemba mayina m'makope. Reji yathu ili ndi chabwino chimodzi, imalemba mudzi ndi mfumu, koma midzi imagawikana chaka ndi chaka, ndipo m'mudzi umodzi womwewo a Phiri amatha kukhala makomo khumi osachokera kwa gogo mmodzi.

Akuluakulu ena amaopa kuti mayina a nyumba adzagawa fuko, kuti Banda wa kwa uje adzayamba kudziona wosiyana ndi Banda mnzake. Nkhawa imeneyi ndimaimva, chifukwa umodzi wa chiwongo ndi chuma chimene sindikufuna titaye. Koma Achewa a ku Malawi a mayina awiriwa amabwerabe ku Mkaika chaka ndi chaka, amagwadabe pamodzi ndi ife, ndipo akamva kuti ndiwe Banda amakukumbatira chimodzimodzi. Chimene chikupha chiwongo ndi china: ndi wachinyamata uja wotopa kusokonezedwa ndi anzake, amene amachitaya chonse n'kukhala Wilson kapena James. Akanakhala ndi dzina la nyumba lomusiyanitsa, sakanachitaya.

Mawu otsala ndi anu aphunzitsi, chifukwa mayina ambiri amafera m'manja mwanu. Kholo limatha kutchula mayina atatu, inu lapakatilo n'kulisandutsa chilembo chimodzi ndi kadontho, apo ayi n'kulisiya poti mzere wa rejisitala ndi waufupi. Mukudziwa bwino kuti dzina limene mwana walembetsa nalo mayeso omaliza pulayimale ndilo limamutsata ku sekondale, ku koleji ndi kuntchito, ndipo kulisintha pambuyo pake kumafuna kukalumbira, ndalama, ndi maulendo a ku Boma amene mlimi wa kwa Kathumba sangakwanitse. Januwale akubwera. Mayi akabwera ndi mwana wake kudzalembetsa giredi 1 n'kunena kuti ndi Phiri, mufunseni kuti pakhomo pawo pamadziwika ndi dzina la yani, ndipo mulembe lonse. Mzere ukachepa, lembani timalemba tating'ono.